Tasonkhera ana amasiye aku Afghanistan, koma ndalamayi tiitumize kwa ndani?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Leicester, ku England. Akuti ali ndi gulupu ya azimayi achimalawi ndipo mu Ramadan anasonkha mapaundi 1,200. Anaona vidiyo pa Facebook ya nyumba ya ana amasiye ku Kabul, ana akugona pansi, ndipo mwini vidiyoyo anayika nambala ya WhatsApp kuti anthu azimutumizira ndalama amangire chipinda china. Ena mu gulupumo akuti titumize msanga, ena akuti bwanji osatumiza kwathu ku Mangochi komwe amasiye aliko mbwee. Nde akufunsa kuti achite bwanji.

Achemwali, zikomo kwambiri pofunsa musanatumize, chifukwa ambiri amandipeza ndalama itapita kale. Ndiyambe ndi yankho lalifupi kenako ndifotokoze: kwa munthu wa pa WhatsApp uja musatumize, olo atakhala kuti ndi woona mtima. Ndipo ngati cholinga chanu ndi mwana wamasiye, amene mukuyenera kumufuna ndi mayi ake a mwanayo, osati chipinda.

Mwina izi zikudabwitsani nde ndiyambe pamenepo. Ku Afghanistan mawu akuti yatim amatanthauza mwana amene bambo ake anamwalira, inuyo ngati Msilamu mukudziwa kale zimenezi. Ndiye kuti ana ambiri amene akutchedwa amasiye kumeneko mayi awo alipo, ali moyo, akupuma, kungoti alibe chowadyetsa. Dziko lija lakhala pa nkhondo kuyambira December 1979 pomwe asilikali a Soviet Union analowa, anatuluka 1989, kenako magulu a mujahidin anayamba kumenyana okhaokha mpaka mbali zambiri za Kabul zinasanduka mabwinja, a Taliban analanda mzindawu 1996, America inalowa 2001, a Taliban anabweranso pa 15 August 2021. Zaka zoposa 40 amuna akufa ku nkhondo, ku mabomba a mumsewu, ku mabomba okwirira pansi, ena kumwalira panjira popita kukasaka ganyu ku Iran. Chiwerengero cha akazi amasiye chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha m'ma 2 miliyoni, m'dziko la anthu opitirira 40 miliyoni, ndipo ambiri anaferedwa akadali achichepere chifukwa anakwatiwanso ali achichepere.

Nde tangoganizani mayi wa zaka 28, ana asanu, sukulu sanapiteko, mwamuna wamwalira. Akatha masiku ake a eda, miyezi inayi ndi masiku khumi, zimene zimamudikira inu ndi ine tikuzidziwa bwino chifukwa ndi zakwathu zomwe. Akuchimuna amafuna kuti alowedwe chokolo ndi mchimwene wa malemu kuti ana ndi munda zisachoke pa mtundu, akakana akhoza kulandidwa ana. Chisilamu chimamupatsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a chuma cha mwamuna ngati pali ana, koma kumudzi gawolo nthawi zambiri limathera m'manja mwa azilamu ake, zofanana ndi kulanda katundu wamasiye kumene tinakulira tikukuona kwathu kuno. Kusiyana kwake nkwakuti mayi wa ku Namwera akalandidwa katundu akhoza kukazinga mandasi nkukakhala pamsika, kapena kukwera minibasi kukaoda tomato. Mnzake wa ku Kandahar njira zimenezo zinatsekeka pafupifupi zonse. Kuyambira December 2021 mkazi sayenera kuyenda ulendo woposa makilomita 72 popanda mahram, wachibale wachimuna womuperekeza, ndipo m'madera ena amamufunsa mahram olo pa ulendo waufupi wakuchipatala. Ntchito zambiri za m'boma akazi anachotsedwa, ma saluni anatsekedwa mu 2023, ndipo imeneyi inali bizinesi imene inkadyetsa mabanja ambiri a m'tauni opanda bambo. Wamasiye amene mwana wake wamwamuna wamkulu ali ndi zaka 7, mahram wake ndi ndani?

Pamenepo mpamene ana amayamba kuchoka pakhomo. Mnyamata amapita mumsewu kukapukuta nsapato, kugulitsa majumbo, kutola zinyalala zoyaka, kapena kuumba njerwa kuti abweze ngongole ya banja. Mtsikana amatomeredwa akadali wamng'ono kuti chiwongo chigule ufa. Ndipo wina amakasiyidwa ku nyumba ya ana amasiye, osati chifukwa mayi samufuna ayi, koma chifukwa kumeneko kuli buledi katatu patsiku. Izi si za ku Afghanistan kokha, m'maiko ambiri osauka ana ochuluka amene ali m'nyumba zoterezi ali ndi kholo limodzi lamoyo. Ine pa ntchito yanga ya zachithandizo ndinakhalapo ndi mayi wina kuno kwathu amene ankayenda wapansi maola awiri Loweruka lililonse kukangomuona mwana wake pa geti ya nyumba ya amasiye, ndipo ndalama imene inkawonongeka pa mwana mmodzi uja pamwezi ikanatha kudyetsa iyeyo ndi ana ake onse anayi ali pakhomo pawo. Chiyambireni tsiku limenelo ndikamva zomanga chipinda china mtima wanga umayamba wafunsa za amayi awo.

Sindikunena kuti nyumba za amasiye zonse nzoipa. Alipo ana amene anataya onse awiri ndipo achibale palibe, makamaka pakachitika zivomerezi, ngati chija cha ku Herat pa 7 October 2023 chimene chinagwetsa midzi yathunthu ya nyumba zadothi m'boma la Zinda Jan nkupha anthu oposa 1,400, ambiri amayi ndi ana chifukwa chinachitika dzuwa lili pamutu abambo ali kumunda, kapena cha ku Kunar usiku wa 31 August 2025 chimene chinapha oposa 2,200. Ana oterowo amafunika pogona lero lomwe. Koma chipinda chilichonse chatsopano chimafuna ana oti achidzadze, ndipo bedi ikakhalapo yopanda munthu mayi wanjala amabweretsa mwana. Mukamanga chipinda mwathandiza kulekanitsa, mukapereka kwa mayi mwathandiza kuti asalekane.

Ndipo akazi amasiye aku Afghanistan si anthu ongokhala manja lende. Kum'mwera chakum'mawa kwa Kabul kuli phiri limene anthu analitcha Zanabad, kutanthauza mudzi wa akazi, kumene kuyambira zaka za m'ma 1990 amasiye osowa kolowera anayamba kumanga timanyumba tadothi ndi manja awo, ankamanga usiku mothandizana chifukwa masana apolisi ankagwetsa. Nthawi ya ulamuliro woyamba wa a Taliban bungwe la WFP linali ndi ma bekare ku Kabul oyendetsedwa ndi akazi amasiye, iwo ankapeza malipiro ndipo mabanja osauka ankagula buledi wotchipa, CARE nayo inayendetsa pulogalamu ya chakudya cha amasiye mumzinda womwewo kwa zaka zambiri. Lero zimene zikutheka ndi za pakhomo: makina osokera, nkhuku zamazira, mbuzi kapena ng'ombe yamkaka, kuluka makapeti, kuumitsa zipatso. Sizilemeretsa koma zimagula ufa ndi tiyi, ndipo mwana amagona kwawo.

Tsopano za munthu wa vidiyo uja. Vuto loyamba nloti simungathe kumufufuza. Vidiyo yomweyo imatha kuzungulira ndi manambala asanu osiyana, ina inajambulidwa zaka zapitazo, ina si ya ku Afghanistan nkomwe. Mukamufunsa akutumizirani zithunzi zina za ana atanyamula pepala lolembedwa dzina la gulupu yanu, mtima nkukhala pansi, koma chithunzi chimangotsimikiza kuti munthuyo ali ndi foni ndipo ali pafupi ndi ana osauka, basi. Ine ndimadandaulanso ndi kujambula komweko, mwana akulira kamera ili kumaso, mayi wamasiye nkhope yake ili pa intaneti dziko lonse likuona, m'dziko limene zoterezi zikhoza kumubweretsera mavuto kwa achibale ngakhale kwa olamula. Amene amalemekeza anthu amene akuwathandiza sachita zimenezo mwachisawawa.

Vuto lachiwiri ndi njira ya ndalama. A Taliban atalowa mu 2021 America inatseka ndalama za banki yayikulu ya Afghanistan pafupifupi madola 7 biliyoni zimene zinali ku New York, theka lake pambuyo pake linasamutsidwira ku thumba lina ku Switzerland mu 2022. Chithandizo chakunja chimene chinkalipira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a bajeti ya boma chinaima mwadzidzidzi, aphunzitsi ndi anamwino anakhala miyezi osalandira, anthu ankagona pa mizere ya ku banki. Atsogoleri ambiri a Taliban ali pa mndandanda wa zilango za United Nations, ndipo ngakhale mu December 2021 Security Council ya bungweli inavomereza chigamulo nambala 2615 chololeza ndalama zachithandizo, mabanki akunja amaopabe kukhudza chilichonse cholembedwa Afghanistan. Nchifukwa chake UN inayamba kuchita kutengera madola pa ndege mpaka ku Kabul, ndipo anthu wamba amadalira hawala, kumupatsa ndalama munthu ku London mnzake nkukapereka ku Kabul, msika wake waukulu ndi Sarai Shahzada. Hawala payokha si umbava, mabanja ambiri amakhalira yomweyo ndipo mabungwe enieni amaigwiritsa ntchito ndi mapepala ake onse. Koma inuyo kutumiza 1,200 kwa munthu amene simukumudziwa, banki yanu ikhoza kukutsekerani akaunti nkuyamba mafunso, ndipo ngati muli pa viza ya ntchito yosamalira okalamba ngati alongo athu ambiri kumeneko, si mafunso amene mungawafune. Ndalama ikasowa palibenso komwe mungakadandaule.

Nde mupereke kwa ndani? Muli ndi mwayi chifukwa muli ku England. Pitani pa webusaiti ya Charity Commission, ofesi ya boma yolembetsa mabungwe achithandizo, lembani dzina la bungwe, muona nambala yake, ma trustee ake (oliyang'anira), ndalama imene linalandira ndi mmene linagwiritsira ntchito, komanso ngati limachedwa kupereka malipoti. Limene likuti ndi bungwe lachithandizo la ku England koma palibepo lisiyeni. Mabungwe amene akhalitsa ku Afghanistan alipo: Afghanaid yakhala ikugwira ntchito kumidzi yakumeneko kuyambira 1983, Islamic Relief imene inayambira ku Birmingham mu 1984 iliko ndipo kwathu ku Malawi ilikonso, kuli Save the Children, kuli WFP pa chakudya ndi UNICEF pa ana onyentchera amene amapatsidwa chiponde chonga chomwe timachidziwa ku zipatala zathu. Ngati mtima wanu uli pa ovulala, ICRC, Red Cross ya padziko lonse, ili ndi malo opangira miyendo yoyikirira kuyambira 1988, kumene Alberto Cairo wa ku Italy anagwira ntchito zaka zoposa 30 ndipo ambiri ogwira ntchito pamenepo ndi olumala okhaokha, kuli EMERGENCY ndi zipatala zake ku Kabul, Lashkar Gah ndi Anabah, kuli MSF, bungwe la madokotala opanda malire, kuli HALO Trust imene ikufukulabe mabomba okwirira amene mpaka pano akupha ana akamaweta nkhosa kapena kutola zitsulo zokagulitsa. Sindikukusankhirani, onsewa ali ndi zofooka zawo, koma awa mukhoza kuwalembera kalata nkukuyankhani ndipo akalakwitsa alipo owafunsa.

Mukawalembera, funso limene ine ndimaliika patsogolo ndi ili: muli ndi akazi ogwira ntchito amene amafika pakhomo pa wamasiye? Chifukwa pa 24 December 2022 a Taliban analetsa akazi achiafghani kugwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma, mu April 2023 chiletsocho chinafikanso ku UN. Mabungwe angapo anayamba ayimitsa kaye ntchito, kenako anapeza mpata pa zaumoyo ndi maphunziro a ana aang'ono, ndipo m'maboma ena amakambirana ndi akuluakulu a dera kuti akazi azigwirabe. Izi nzofunika chifukwa mwamuna wachilendo sangalowe m'nyumba ya mkazi wamasiye kukamufunsa kuti mwadya chani, mwambo sulola. Akangopita amuna okha mndandanda umalembedwa ndi akuluakulu a mudzi pa mzikiti, ndipo khomo lopanda bambo ndi limene limaiwalika, kapena thumba la ufa limalandiridwa ndi mlamu uja amene analanda munda. Afunseninso kuti ndalama imafika m'manja mwa ndani, mayi mwiniwake kapena womuyimira, nanga amene alibe tazkira, chiphaso chaunzika, amamuthandiza bwanji poti akazi ambiri akumudzi alibe.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, musathamangire bungwe limene likulonjeza kuti ndalama yonse 100 pa 100 ikafika kwa mwana. Mkazi wogwira ntchito akamapita kumudzi amayenera kupita ndi mahram wake, ameneyo amafunika thiransipoti ndi chakudya, pena ofesi ya akazi imakhala payokha, galimoto payokha, wa hawala amadulapo yake, wowerengera ndalama amalipidwa. Zonsezi ndi zimene zimapangitsa kuti paundi yanu ifike kwa amene mukumufunayo. Amene akuti sadulapo kalikonse mwina ali ndi wina amene akumulipirira zimenezi, zomwe ndi zabwino ndipo akuuzani, apo ayi sakukuuzani zoona.

Chenjeraninso ndi lonjezo la sukulu. Mukamva kuti tithandizeni mtsikanayu mpaka adzakhale dokotala, dziwani kuti atsikana saloledwa kupitirira giredi 6 chibwerereni a Taliban, ku yunivesite anatsekeredwa mu December 2022, ndipo mu December 2024 anatsekanso maphunziro a unamwino ndi uzamba. Zimapweteka kulemba zimenezi koma ndi mmene zilili. Chimene ndalama yanu ingachite kwa mtsikana wa zaka 12 ndi kuchotsa njala imene ikukankha banja kuti limukwatitse, ndipo chimenecho si chaching'ono ayi.

Ambiri amaopa kupereka ndalama m'manja, amati bola kugula katundu. Koma kumbukirani Mtukula Pakhomo, inayambira ku Mchinji 2006 anthu akunena kuti agogo akamwera mowa, mapeto ake tinaona mbuzi, malata, ana akupita kusukulu atavala. Mayi amadziwa yekha ngati sabata ino chofunika ndi ufa, malasha, lendi kapena mankhwala a mwana wachibayo. Kumene msika ukuyenda ndalama imaposa katundu, kumene misewu yatsekeka mpomwe thumba la ufa limaposa ndalama, ndipo bungwe lodziwa ntchito limasiyanitsa ziwirizi.

Poti munasonkha mu Ramadan ndikuganiza kuti ina ndi zakaat, chopereka chalamulo kwa Msilamu, ina ndi sadaka, chopereka chaufulu. Zisiyanitseni. Masheikh ambiri amaphunzitsa kuti zakaat iyenera kukhala chuma cha wosaukayo m'manja mwake, nde kumangira chipinda sizikhala bwino, pomwe kupereka kwa mayi wamasiye wosauka ndi malo ake enieni. Afunseni a sheikh anu, ndipo mabungwe achisilamu amakhala ndi thumba la zakaat palokha. Chinanso, musapereke ngati mulu umodzi kudzera mwa munthu mmodzi. Aliyense amene amakhoma msonkho ku UK apereke gawo lake m'dzina lake nkuchonga Gift Aid, boma limawonjezera 25p pa paundi iliyonse, ndiye kuti ngati nonse muli okhoma msonkho 1,200 ija ikhala 1,500 osatulutsanso kanthu m'thumba. Ndalama yosonkhedwa kwa anthu ena siloledwa kuikidwa pa Gift Aid ya munthu mmodzi.

Za alongo amene akuti bwanji Mangochi, ine sindingawatsutse, akunena zoona, amasiye kwathu alipo ndipo Freddy wa 2023 anawonjezera ena ku Blantyre, Mulanje, Phalombe. Kwathu mulinso ndi mwayi woti mukhoza kutuma mchemwali wanu kukaona ndi maso. Koma musalole kuti nkhaniyi igawe gulupu, njala ya mwana wa ku Ghor ku Afghanistan sichepetsa ya mwana wa ku Makanjira. Ngati amene anasonkha anauzidwa kuti ndi za ku Afghanistan, ipite komweko chifukwa ndi amana, chinthu chimene anakusungitsani, simungaisinthe popanda kuwafunsa. Kenako mugwirizane kuti chosonkha chotsatira chipite kumudzi, kapena muzigawa pakati mwezi ndi mwezi. Ndipo kunena zoona pano Afghanistan yaiwalika, makamera anachoka. Mu 2023 WFP inachotsa anthu 10 miliyoni pa mndandanda wolandira chakudya chifukwa ndalama zinatha, mu 2025 America imene inali wopereka wamkulu inadula chithandizo chake ndipo zipatala zing'onozing'ono mazanamazana zinatsekedwa, chaka chomwecho anthu oposa 2 miliyoni anabwezedwa kuchokera ku Iran ndi Pakistan, ambiri opanda nyumba yofikira, ena obadwira kunja osalidziwa nkomwe dzikolo.

Ngati mungathe, m'malo mopereka kamodzi nkuiwala mpaka Ramadan ina, aliyense aike kangachepe mwezi uliwonse, olo mapaundi 5, chifukwa bungwe limatha kulonjeza banja chaka chathunthu pokhapokha likudziwa kuti ndalama ibwera. Mabungwe ena ali ndi pulogalamu yothandiza mwana wamasiye mmodzi ali pakhomo pa mayi ake, ndalama nkumapita kwa womulera, imeneyo ndi yabwino bola mufunse ngati ikuyendadi ku Afghanistan panopa komanso ngati abale ake a mwanayo amapindula nawo, poti m'nyumba ya ana asanu simungadyetse mmodzi ena akuyang'ana.

Ndipo musachedwe nayo mpaka December. Kuzizira kwa kumeneko si kwa ku Dedza mu June, mu January 2023 m'madera ena kunafika pa madigiri 30 kunsi kwa ziro, anthu oposa 160 anamwalira ndi ziweto zankhaninkhani. Banja lonse limakhala mozungulira sandali, katebulo kofundikidwa bulangete lalikulu pansi pake pali mbaula ya makala, amene alibe makala amayatsa mapulasitiki ndi nsapato zakutha, ana nkudwala chifuwa. Misewu yopita ku Ghor, Daikundi, Bamyan ndi Badakhshan imatsekeka ndi chipale, nde mabungwe amayenera kukasiya ufa, mafuta ndi mabulangete kumeneko chisanu chisanayambe, cha m'ma September ndi October. Lembani makalata anu sabata ino kwa mabungwe awiri kapena atatu, mayankho akabwera nditumizireni tiwaonere limodzi.